Tidzere Mpata Uti, Thorong La Kapena Larkya La?

M'dziko la Nepal muli njira ziwiri zapansi zimene alendo amayendamo kwa masabata awiri kapena kuposerapo. Ina imazungulira mapiri a Annapurna, inayo imazungulira phiri la Manaslu, ndipo iliyonse ili ndi mpata wake umene munthu ayenera kudutsa kuti atsikire mbali inayo. Mpata wa ku Annapurna ndi Thorong La, wa mamita 5,416 kuchokera pa nyanja yamchere. Wa ku Manaslu ndi Larkya La, wopitirira pang'ono mamita 5,100. Phiri la Binga, lalitali koposa onse m'Mozambique muno, ndi la mamita 2,436 okha. Chotero mipata imeneyi, ngakhale ndi malo otsika pakati pa nsonga za mapiri, imaposa Binga kawiri.

Nkhaniyi yandigwera chifukwa cha mng'ono wanga amene amagwira ntchito pa chipatala china ku England. Mnzake wa kuntchito, mbadwa ya ku Nepal, anamuitanira kwawo, ndipo iye watsimikiza mtima kuti tipitire limodzi, zolipira zonse nzake. Koma kusankha njira wandisiyira. "Achimwene, wamkulu ndinu, nenani inu," anatero, ngakhale ndidziwa bwino kuti mtima wake uli ku Manaslu.

Zifukwa zake nzomveka. Manaslu ndi phiri la mamita 8,163, lachisanu ndi chitatu pa mapiri aatali a dziko lapansi. Njira yake imakwera motsata mtsinje wa Budhi Gandaki kufikira midzi ya Samagaun ndi Samdo, kufupi ndi malire a Tibet. Boma limalamula kuti mlendo akhale ndi chilolezo chapadera ndi womutsogolera, nchifukwa chake anthu sachuluka. Ku Annapurna msewu wa galimoto unafika kale ku Manang mbali ino ya mpata ndi ku Muktinath mbali inayo, ndipo odziwa maulendo amadandaula kuti fumbi la galimoto lawononga njira. Kuwonjezera apo, Larkya La ndi wotsikirapo ndi mamita pafupifupi 300. Munthu angaganize kuti nkhani yathera pamenepo.

Komatu chimene chimapha anthu kumeneko kawirikawiri si kutsetsereka kwa njira. Pa mamita 5,400 munthu akapuma amakoka pafupifupi theka la mpweya umene akanakoka m'mbali mwa nyanja ku Beira. Thupi limazolowera pang'onopang'ono, ndipo likakakamizidwa mutu umawawa, chakudya chimakana, tulo timathawa. Zikapitirira, madzi amadzaza m'mapapo kapena ubongo umatupa, munthu nkuyamba kudzandira ngati woledzera. Matendawa sayang'ana mphamvu za munthu: mnyamata wosewera mpira angagwe pamene nkhalamba ikupitirira. Madokotala amalangiza kuti kupyola mamita 3,000, malo ogona asakwere kuposa mamita 500 usiku umodzi, ndi kuti wodwala kwambiri atsitsidwe msanga, ngakhale pakati pa usiku.

Pamenepa mpomwe ine ndinasiyana ndi mng'ono wanga. Iye amafunsa kuti njira yokongola ndi iti. Ine ndimafunsa kuti mmodzi wa ife akadwala titsikira kuti. Ku Manang, pa mamita pafupifupi 3,500, bungwe la Himalayan Rescue Association lili ndi kachipatala kumene madokotala odzipereka amathandiza odwala pa nyengo ya alendo ndi kuwaphunzitsa za matenda amenewa. Msewu uja umene ena akuunyoza, kwa munthu wodwala ndiwo khomo lotulukira. Ku Manaslu, usiku womaliza anthu amagona ku Dharamsala, pa mamita oposa 4,400, m'timisasa tochepa, ndipo kubwerera kufikira pamene galimoto ifika ndi ulendo wa masiku angapo. Chotsala ndi helikoputala, imene siuluka kunja kukaipa. Ine ndadutsa zaka makumi anai, sindinagonepo pamwamba kuposa mapiri a kwathu kuno ku Angónia, ndipo palibe anganeneretu m'mene thupi langa likachitire.

Sindikunena kuti Thorong La ndi wofatsa. Pa 14 Okutobala 2014, mkati mwa nyengo imene amati ndiyo yabwino koposa, namondwe wotchedwa Hudhud, amene anachokera ku nyanja ya kum'mawa kwa India, anagwetsa chipale chofewa chochuluka m'mapirimo. Anthu opitirira 40 anafa, alendo ndi eni dziko omwe, ambiri a iwo pafupi ndi mpata womwewu. Chimene chimandiopsa pa nkhaniyi ndi chakuti unyinji umalimbitsa mtima monyenga: munthu akaona anzake akunyamuka, amaleka kuyang'ana kumwamba. Msewunso uli ndi msampha wake, pakuti galimoto ingakutenge ku Besisahar, pansi pa mamita 1,000, nkukakutula ku Manang thupi lisanadziwe chimene chachitika.

Tsono ndasankha Thorong La, koma ndi mapangano. Galimoto tidzaisiya ku Dharapani ndi kuyamba wapansi. Ku Manang tidzagona kawiri. Kuchokera pamenepo tidzagona ku Yak Kharka ndi ku Thorong Phedi, ndipo tidzaika padera masiku awiri odikira kunja kukaipa, kuti tikiti ya ndege isatikankhire m'chipale. Tsiku lodutsa tidzanyamuka kusanache, chifukwa dzuwa likakwera pampatapo pamabwera mphepo yoopsa, ndipo kutsikira ku Muktinath, malo amene Ahindu ndi Abuda amawalemekeza, ndi mamita oposa 1,600 olemetsa mawondo. Pangano lalikulu ndi ili: mmodzi akayamba kusanza kapena kudzandira, tonse awiri titsika, ndipo mawu omaliza ndi a wotitsogolera, osati a mkulu kapena a mwini ndalama.

Mng'ono wanga wavomera zonse kupatula chimodzi. Akuti masiku awiri odikirawo nkutaya tchuthi chake. Mlamu wanga, mkazi wake, wamuuza kuti akawachotsa pa ndondomeko, pasipoti yake aisunga ndi iye.