Masiku awiri ku Blantyre, ife awiri basi

Kwa ife a ku Milange, mzinda wa Blantyre uli pafupi kuposa Quelimane, likulu la chigawo chathu cha Zambézia. Ku Quelimane ndi makilomita opitirira 300, pomwe ku Limbe ndi pafupifupi 100 okha. Komatu ambiri a ife tikamawoloka Muloza timakhala tili ndi vuto: kuchipatala, kumaliro, kapena kukaoda katundu wa geni. Zopita mwamuna ndi mkazi wake kukangoona malo timati n'zachizungu.

Bambo a ana anga amaphunzitsa kusukulu ya kumudzi, kutali ndi vila. Amabwera Lachisanu madzulo, Lamulungu abwerera. Tikakumana nkhani zake zimakhala zomwezomwezo: ngongole, feteleza, yunifolomu za ana, makope oti tichonge. Patatha zaka 9 tili m'banja, tinkacheza ngati komiti ya sukulu. Ndalama za chipereganyu zitandifika, ndinawauza kuti, "Bambo, ulendo uno sitigula malata. Tiyeni tikapitidwe mphepo." Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Mayi, anthu atiseka." Ana tinakawasiya kwa agogo awo, Loweruka m'bandakucha tinadinditsa mapasipoti, tinasintha mametikali athu, n'kukwera minibasi.

Njira yonse ndi minda ya tiyi, phiri la Mulanje lili chilili pambali. Phiri lomwe ndimaliona tsiku ndi tsiku ndinaliona mbali ina, ngati mlendo.

Tinayambira ku Mandala House, nyumba yosanja yomwe kampani ya African Lakes inamanga mu 1882. Dzinalo linachokera pa magalasi a maso a John Moir, mmodzi wa oyendetsa kampaniyo, amene anthu anam'patsa dzina loti Mandala. Mzungu anamanga nyumba, koma dzina anatcha ndi eni dziko, ndipo lakhala mpaka lero. Kuchoka apo tinapita ku Chichiri, kunyumba yosungirako zinthu zakale, komwe panja pali mutu wa sitima yoyendera nthunzi. Bambo anaima pamenepo n'kuyamba kundisimbira za agogo awo omwe ankathyola tiyi ku Malawi nthawi ya atsamunda. Zaka zonsezi nkhani imeneyi anali asanandiuzepo.

Chomwe chinandigwira mtima kwambiri ndi tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre Mission. Mishoniyo inayamba mu 1876, ndipo tchalitchicho chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891. M'busa David Clement Scott, amene anatsogolera ntchitoyo, sanaphunzire zomangamanga, ndipo amisiri ake anali anthu a konkuno omwe ankaumba ndi kuwotcha njerwa pomwepo. Scott yemweyo ndiye analemba dikishonale ya Chimang'anja yomwe inatuluka mu 1892. Tinazungulira khoma lonse tikusisita njerwa, tikuwerenga mitundu yake ngati ana a kalasi yoyamba.

Madzulo tinalowa m'lesitilanti ina m'tauni. Menyu inali m'Chingerezi, ife anthu a Chipwitikizi tinangoyang'anana. Nditafunsa m'Chinyanja, mtsikana woperekera zakudya anamwetulira n'kunena kuti, "Amayi, kuli chambo chowotcha, kuli nkhuku ya lokolo. Nsima kapena mpunga?" Tinasankha chambo ndi nsima, mpiru wotendera pambali. Bambo ankalimbikira kuti nkhuku yathu ya ku Zambézia, yothira mkaka wa kokonati, njosayerekezeka. Ine ndinati adikire amalize mutu wa chambocho. Tinatsutsana, tinaseka, ndipo ndinazindikira kuti kanali koyamba kuti tidye chakudya chomwe sindinaphike ine, popanda mwana wolira kapena mbale zondidikira. Pamenepo m'pamene tinakambirana nkhani yomwe tinkaizemba chaka chathunthu, yoti tipemphe kuti mmodzi wa ife asamutsidwe, tizigona nyumba imodzi.

Sindikubisirani, ndalama zinapita, ndipo malata aja tidzagula chipereganyu chikadzazunguliranso. Achibale ena anang'ung'udza kuti aphunzitsi ayamba matama. Koma denga lodontha limaoneka ndi aliyense, pamene banja lomwe anthu ake anasiya kucheza limadontha mwakachetechete. Kalata yopempha kusamutsidwa tinailemba Lamulungu m'mawa m'chipinda chomwe tinagona ku Limbe, ndipo tinaipereka sabata yomweyo.

Mukafuna kupita, nyamukani m'mawa kwambiri, pasipoti isakhale yotha masiku, ndipo pobwerera musachedwe chifukwa pachipata amatseka. Ngati Blantyre wakulirani, ngakhale pa Mulanje boma pomwepa pali poyambira. Nanga inu, munapitako liti kwinakwake awiriwiri, osati kumaliro? Ndiuzeni m'munsimu, m'Chinyanja kapena m'Chipwitikizi.