Asilikali a Patebulo

M'mapiri a ku Dowa ndi Ntchisi, anyamata akakhala kubusa amaumba ng'ombe zadothi. Zikauma amazigundanitsa, ndipo imene yathyoka nyanga ndiyo yagonja.

Ku Ulaya nakonso kuli akuluakulu okonda masewera ofanana ndi amenewa. Iwo amasonkhanitsa tizidole ta asilikali oyenda pansi a dziko la France, a m'nthawi ya mfumu Napoleon. Tizidoleti amatipanga ndi chitsulo kapena pulasitiki, ndipo sititalika kuposa chala. Kalikonse amakapaka utoto mosamala: jekete labuluu, malamba oyera ndi chipewa chakuda. Akatero amatindandalika patebulo nayerekeza nkhondo ya ku Waterloo, kumene Napoleon adagonja m'chaka cha 1815. Ena mwa malamulo oyambirira a masewera otere adalemba ndi H. G. Wells m'buku lotchedwa Little Wars mu 1913, kutangotsala chaka chimodzi kuti nkhondo yoyamba ya dziko lonse ibuke.

Luso ndi kudekha kwa anthuwa nzoyamikirika, pakuti amaphunzira mbiri ndi manja awo. Komabe msilikali wapatebulo akagwa, mwini wake amamdzutsa, kumpukuta fumbi, mawa namenyanso. Ku Dzaleka, m'boma la Dowa, kuyambira mu 1994 kwakhala kukufika anthu othawa nkhondo ku Rwanda, Burundi ndi Congo. Amenewa amadziwa kuti wogwa kunkhondo yeniyeni sadzukanso.

Choncho wokongoletsa msilikali asaiwale amasiye amene msilikaliyo adasiya. Paja akuluakulu adati nkhondo simanga mudzi.