Bulantaya ndi Cholo

Ife a ku Kauma dzina la kwathu timalitchula lonse: Ka-u-ma. Azungu ena okhala ku Area 12, pafupi nafe pomwepa, amameza "u" wapakatiyo n'kumati "Koma", ndipo palibe amawaseka. Ine ndikangoti "Bulantaya" m'kalasi, anzanga amafa nalo phwete, ati ndine wakumudzi.

Chonsecho dzina la Blantyre ndi lobwera. Amishoni a ku Scotland analipereka mu 1876 pokumbukira kwawo kwa David Livingstone, ndipo agogo athu anangolipinda kuti likwane m'kamwa mwawo. Atsamunda nawonso Thyolo ndi Nkhotakota zinawakanika kutchula. Kusiyana kwake n'kwakuti Cholo ndi Kota Kota wawoyo anakalowa pamapu ndi m'mabuku a boma, ana asukulu n'kumaloweza kwa zaka zambiri.