Mota imazungulira, koma mwendo suzungulira

Mphwanga wokondedwa,

 

Uthenga wako wochokera ku Phalombe unandipeza kuno ku Ndirande. Ukuti wachotsa kamota mu wailesi yakaseti yakufa ija ya amalume, ndipo wapanga galu wa mawaya woti aziyenda yekha, koma ukangolumikiza batire galuyo akumanjenjemera n'kugwa cham'mbali. Wafunsanso ngati alipo ena amene anayesapo zoterezi. Alipo ambiri, ndipo anayamba kalekale magetsi asanadziwike. Mbiri yawo ndikufotokozera ndithu, chifukwa mankhwala a galu wakoyo ali momwemo.

Onsewo analimbana ndi vuto limodzi. Mphamvu imene munthu amaipeza mosavuta imabwera mozungulira: gudumu lokankhidwa ndi madzi, sipuling'i ya wotchi, mota. Koma palibe nyama yoyendera magudumu. Mwendo umanyamuka, n'kupita kutsogolo, n'kuponda, kenako n'kukankhira nthaka kumbuyo. Phiko limakwera n'kutsika. Choncho luso lonse lagona pa kusandutsa kuzungulira kuti kukhale kuponda kapena kukupiza.

Chida choyamba chochitira zimenezi unachigwira kale m'manja. Kumbukira mbalame za mawaya zimene ana amakankha ndi ndodo m'misewu ya pa Migowi ndi pa Chiringa, zija zimakupiza mapiko magudumu akamayenda. Waya wolumikiza magudumu ake sakhala wowongoka, amaupinda pakati kuti ukhale ndi chigongono. Gudumu likazungulira, chigongonocho chimakwera n'kutsika, ndipo kawaya komangirira pamenepo kamakoka mapiko. Amisiri a makina amachitcha crank. Pita kwa atelala pa msika ukasuzumire kunsi kwa makina awo opondera: chigongono chomwecho chilipo, kungoti kumeneko phazi ndilo limakwera n'kutsika, gudumu n'kumazungulira. Chida chachiwiri ndi kagudumu kokhala ndi linunda, kotchedwa cam. Kakamazungulira, linundalo limatukula kachitsulo kotsamira pamenepo, likadutsa kachitsuloko n'kugweranso pansi. Zida ziwirizi uzipeza m'mimba mwa zinthu zambiri zimene ndikutchulire m'munsimu.

Zaka pafupifupi 2,000 zapitazo, mumzinda wa Alexandria ku Egypt munali katswiri wina dzina lake Hero. Iye analemba za mbalame zachitsulo zoimba. Madzi ankatsikira m'chotengera chotseka bwino, n'kumakankha mpweya kuti utulukire pa kawenzulo, ndipo anthu ankamva ngati mbalame ikulira. Mu 1206, mmisiri wina wotchedwa al-Jazari, amene ankagwira ntchito kwa mfumu ku Diyarbakir, komwe lero ndi ku Turkey, anamaliza buku lofotokoza makina ake. Mwa makinawo munali wotchi yomangidwa pamsana pa njovu. M'mimba mwa njovuyo munali madzi ndi mbale yoboola pansi. Mbaleyo inkamira pang'onopang'ono, ndipo ikamira, theka lililonse la ola, inkakoka chingwe chimene chinkagwetsa kampira kachitsulo. Kampirako kankagwera m'kamwa mwa njoka, njoka n'kuwerama, woyendetsa njovu n'kumenya, mbalame ya pamwamba n'kuzungulira. Komatu njovu yeniyeniyo sinkasuntha ngakhale phazi limodzi. Akale anayamba ndi khosi, mlomo ndi mapiko, chifukwa chinthu chokhazikika pamalo amodzi sichingagwe. Kuyenda kunabwera mochedwa kwambiri.

Wotchuka koposa onse ndi bakha wa Jacques de Vaucanson, Mfalansa amene anamuonetsa ku Paris mu 1739. Bakhayo anali wa mkuwa, ankakupiza mapiko, kumwa madzi, kujompha mbewu m'dzanja la munthu, kenako n'kuchita chimbudzi. Anthu ankalipira ndalama kuti aone, ndipo ambiri anakhulupirira kuti chitsulo chikugayadi chakudya. Bodza lake linali loti mbewu zinkagwera m'kathumba kena, ndipo zotuluka kumbuyozo zinali zoikidwiratu. Chimene chinawapusitsa anthu ndi kayendedwe ka khosi ndi mapiko, kamene Vaucanson anakatengera kwa bakha weniweni mosamala kwambiri. Usaganize kuti anathera pa masewerawo. Boma la France linamupatsa ntchito yoyang'anira mafakitale a nsalu za silika, ndipo mu 1745 anapanga makina owomba nsalu odziyendetsa okha. Nzeru zake anadzazipitiriza Joseph Marie Jacquard kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1800. Ku England kuli mbalame ya siliva ya khosi lalitali, yotchedwa Silver Swan, yopangidwa mu 1773, imene amaisunga ku Bowes Museum. Akaipukusa imatembenuza khosi, n'kuweramira m'madzi agalasi, n'kutola kansomba.

Zinthu zonsezi zinali za mafumu ndi anthu achuma. Zinafika m'manja mwa ana pamene mafakitale anayamba kudinda malata opyapyala. Mu 1881, Ernst Paul Lehmann anatsegula fakitale ku Brandenburg m'dziko la Germany, ndipo zidole zake za malata zinagulitsidwa m'maiko ambiri: pusi wokwera chingwe, bulu wokana kukoka ngolo, tizilombo toyenda pa tebulo. Zambiri mwa izo mphamvu yake inali sipuling'i yopukusa ndi kiyi. Sipuling'iyo ikamamasuka inkayendetsa timagiya, timagiyato n'kuyendetsa chigongono chija.

Chaka cha 1878 uchisunge m'mutu, chifukwa zinthu ziwiri zimene zinachitika m'chaka chimenecho zikukhudza galu wako. Ku Palo Alto, m'chigawo cha California, wojambula zithunzi Eadweard Muybridge anandandalika makamera 12 m'mbali mwa njira ya mpikisano wa akavalo, ndipo kavalo podutsa kamera iliyonse inajambula motsatizana. Kwa zaka mazanamazana akatswiri ojambula pamanja ankaonetsa kavalo wothamanga atatambasula miyendo iwiri kutsogolo, iwiri kumbuyo, ali m'malere. Zithunzizo zinaonetsa kuti miyendo yonse inayi imachokadi pansi, koma pa nthawi imene yapindikira kunsi kwa mimba. Anthu ankakhala ndi akavalo tsiku ndi tsiku, koma sankadziwa mmene amathamangira. Chaka chomwecho, pa chionetsero chachikulu ku Paris, katswiri wa masamu wa ku Russia, Pafnuty Chebyshev, anaonetsa makina a miyendo inayi. Iye analumikiza timitengo ta utali wowerengedwa bwino ku chigongono, kotero kuti phazi linkayenda mzere wowongoka likakhala pansi, kenako n'kunyamuka mokhota kubwerera kutsogolo. Njira ya phazi imeneyo, yosalala pansi, yokhota pamwamba, ndiyo imene aliyense wopanga chidole choyenda amaifunafuna mpaka lero. Phazi likamangozungulira bwalo lathunthu, thupi limadumphadumpha.

Magetsi atalowa m'nkhaniyi anabweretsa zinthu ziwiri. Choyamba anachionetsa William Grey Walter, katswiri wa za ubongo wa ku Bristol, amene mu 1948 ndi 1949 anapanga afulu awiri a makina, Elmer ndi Elsie. Ankayendera magudumu atatu, koma anali ndi diso lamagetsi lozindikira kuwala komanso chigoba chomva kugunda. Ankatsata nyali, akagunda chinthu ankachilambalala, ndipo batire likamatha ankalowa m'khola lawo lowala kukatenga moto. Walter anasonyeza kuti tizida tochepa tingapangitse chinthu kuoneka ngati chili ndi maganizo. Chachiwiri ndi mota yaing'ono yotsika mtengo. Kampani ya Mabuchi ya ku Japan, imene inakhazikitsidwa mu 1954, inayamba ndi timamota ta zidole, ndipo m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 dziko la Japan linadzaza masitolo a m'maiko ambiri ndi zimbalangondo, agalu ndi anyani oyendera mabatire. Kamota kako ka mu wailesi ndi ka mtundu womwewo: maginito awiri m'mbali, ndi mawaya okulunga pakati.

Kuchokera pamenepo njira zinagawikana pawiri. Ena anati mfundo iliyonse ya mwendo ikhale ndi mota yakeyake, ndipo kompyuta izilamula zonse. Galu wa Sony wotchedwa AIBO, amene anatuluka mu 1999 pa mtengo wa madola 2,500 ku America, ndi wa njira imeneyi. Spot wa kampani ya Boston Dynamics, amene anayamba kugulitsidwa mu 2020 pa madola 74,500, ndi wa njira yomweyo, ngakhale kuti iye si choseweretsa, amamutuma kukayendera mafakitale ndi malo oopsa. Ena anati mota ikhale imodzi, nzeru zonse zikhale m'kalumikizidwe ka zitsulo. Furby, chidole chaubweya chimene chinatuluka mu 1998 n'kugulitsidwa oposa 40 miliyoni m'zaka zitatu, chinkaphethira, kugwedeza makutu, kutsegula kamwa ndi kuwerama, zonsezo ndi mota imodzi yokha yozunguza timagudumu ta malinunda. Ku Netherlands, Theo Jansen anayamba mu 1990 kumanga zinyama zikuluzikulu za mapaipi apulasitiki zimene zimayenda pa mchenga wa kunyanja mokankhidwa ndi mphepo basi. Utali wa timapaipi ta mwendo uliwonse anaupeza mwa kuuza kompyuta kuti iyese miyeso yambirimbiri, kusunga yoyenda bwino n'kutaya yotsimphina.

Njira yachiwiriyi ndiyo yako, ndipo si yonyozeka. Galimoto za mawaya za ana a kuno kwathu zinafika mpaka m'buku: Karen Lynn Williams, amene anakhalapo m'Malawi muno, analemba mu 1990 buku la ana lotchedwa Galimoto, lonena za mnyamata wofunafuna mawaya, ndipo ana a ku America amaliwerenga m'sukulu. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu anali ndi zaka 14 pamene anamanga makina a mphepo ndi mitengo ya bulugamu, fani ya thirakitala ndi dayinamo ya njinga. Dziwa kuti dayinamo ndi mota n'zapachibale. Ukapatsa kamota kako magetsi kamazungulira, koma ukakazunguza mwamphamvu kamatulutsa magetsi. Lero ku Thyolo kuli yunivesite ya sayansi ya MUST, imene inatsegulidwa mu 2014, ndipo ku Blantyre kuno kuli MUBAS. Masamu a magiya ndi zigongono amaphunzitsidwa m'malo amenewo, koma mwana amene anayamba wapinda waya ndi manja ake amawamva msanga.

Tsopano za galu wako. Choyamba, mota yako ikuthamanga kwambiri. Timamota totere timazungulira maulendo masauzande pa mphindi imodzi, koma mphamvu yake ndi yochepa, pamene mwendo ukufuna kuponda mwina kamodzi pa sekondi, mwamphamvu. Mu wailesi momwe unachotsa motamo muli timalamba ta mphira ndi timagudumu, ukatitenge. Lamba akachoka pa kagudumu kakang'ono ka pa mota kupita pa gudumu lokula kakhumi, liwiro limatsika kakhumi, mphamvu n'kukwera pafupifupi chimodzimodzi. Ukachita zimenezi kawiri motsatizana, liwiro latsika ka 100. Tiyerekeze kuti mota imazungulira ka 6,000 pa mphindi: chigongono chako chidzazungulira ka 60, ndiko kuti kamodzi pa sekondi.

Chachiwiri, galu umusiye kaye, uyambe ndi chamoyo cha miyendo isanu ndi umodzi. Nyerere ikamayenda imaponda ndi miyendo itatu nthawi imodzi: wakutsogolo ndi wakumbuyo a mbali imodzi, ndi wapakati wa mbali inayo. Itatuyo imagwira thupi ngati mafuwa agwirira mphika, pamene itatu inayo ikupita kutsogolo. N'chifukwa chake chidole cha miyendo isanu ndi umodzi sichigwa ngakhale chiziyenda pang'onopang'ono. Ukadzabwerera kwa galu, kumbukira kuti iye akamathamanga pang'ono amaponda mopingasa, wakutsogolo wa kumanja pamodzi ndi wakumbuyo wa kumanzere. Zigongono za magulu awiriwo uzipinde motsutsana, china chikakhala pamwamba china chikhale pansi. Mapazi akhale otambalala, uwaveke tizidutswa ta chubu cha njinga kuti asaterereke, ndipo mabatire uwamangirire kunsi kwa mimba, osati pamsana.

Chachitatu ndi chimene Muybridge anafunira makamera 12, pamene iwe uli nacho pa foni ya mlongo wako. Jambula mbuzi ikuyenda, ndipo kanemayo uziimitsaimitsa mpaka udziwe mwendo umene ukutsatira unzake. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Aphunzitsi akuzungulira kumeneko. Kakowa wa kumadambo a ku Chilwa amasunga mutu pamalo amodzi thupi likamasuntha, kenako n'kuuponya kutsogolo. Buluzi amapinda msana uku ndi uku kuti atalikitse phazi. Miyendo ya bongololo imayenda motsatizana kuchokera kumchira kupita kumutu. Nanzikambe, amene phiri la Mulanje lili ndi mitundu yake ina yosapezeka kwina kulikonse padziko, amayamba wagwedezekera kutsogolo ndi kumbuyo asanaponde. Kugwedezeka kumeneko n'kosavuta kukupanga ndi kagudumu kamodzi ka linunda, ndipo aliyense wa kwathu akakuona adzatchula yekha dzina la nyamayo usanamuuze.

Uzigwiritsa ntchito mabatire a tochi okha. Magetsi a pakhoma usawayandikire, ndipo batire la foni usaliboole kapena kuliwotcha, limaphulika. Mawaya ukapemphe kwa okonza njinga pa msika, masipoko othyoka amangotaya. Wa mpanda wa eni ake usaudule.

Kumapeto kwa mwezi ndikutumizira kapulayala, guluu ndi mabatire kudzera kwa achimwene ako aakulu akamabwera ku mudzi. Iwe undilembere ndondomeko ya miyendo ya mbuzi mmene waionera, ndi utali wa timawaya ta mwendo uliwonse umene wayesa, ngakhale umene walephera. Upereke moni kwa amayi.

Ndine mkulu wako.