Maluwa a Deliya pa Bwalo la Tchalitchi ku Chifunde

Tinalonjeza kukufotokozerani za ulendo wathu wokacheza ndi Akhristu anzathu a m'boma la Chifunde, m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Za misonkhano ndi zopereka mudzamva kwa alembi. Ife pano tinena za maluwa amene tinapeza atautsa mkangano pa mpingo umene unatilandira.

Tinanyamuka ku Katete m'mwezi wa Meyi, mvula itatha. Tinatulukira pa chipata cha Chanida ndi kulowa ku Cassacatiza, pa msewu wopita ku mzinda wa Tete. Ziphaso zinadindidwa, ndalama inasintha kukhala metikali, koma moni wa anthu unali Chichewa chathu chomwechi. Paja dera limeneli ndi la Achewa kuyambira kale, ndipo ambiri amapita ku Mkaika kukalamba kwa Kalonga Gawa Undi.

Pofika pa nyumba ya mapemphero tinaona mpanda wonse uli psuu ndi maluwa. Poyamba tinayesa mpendadzuwa, koma mitu yake inali yaing'ono, yambirimbiri pa tsinde limodzi. Ena anali ofiirira ngati lalanje lakupsa. Ena, pa zitsamba zotalika kuposa munthu, anali achikasu. Achikasuwo tinawazindikira msanga: ndi deliya yemwe uja timamudutsa m'mbali mwa misewu kwathu osamuyang'ana n'komwe. Akatswiri a zomera amamutcha Tithonia diversifolia, ndipo wofiirirayo amamutcha Tithonia rotundifolia. Onse ndi a banja limodzi ndi mpendadzuwa, ndipo kwawo kwenikweni ndi ku Mexico ndi ku Central America. Wofiirira amauma chaka chomwecho n'kumeranso ndi njere zake. Wachikasu amakhala zaka zambiri, ndipo ngakhale mtengo wake wodula umaphuka ukangozikidwa m'nthaka yonyowa.

Mkangano unali wotere. Achinyamata anafuna kutchetcha zonse ndi kuzitentha. Anati malo a Mulungu asamaoneke ngati thengo, ndiponso kuti chomerachi chikakhazikika chimalanda malo, udzu wofolera ndi mitengo yaing'ono n'kulephera kumera pansi pake. Sitinganene kuti ananama, pakuti m'maiko ambiri a mu Africa deliya amawerengedwa m'gulu la zomera zolowerera zimene zimavuta kuthetsa.

Amayi a mpingo anakana. Mmodzi wa iwo anatitengera ku dimba lake pafupi ndi mtsinje. "Bwerani muone, abambo," anatero, "feteleza wa amasiye ndi ameneyu." Amadula masamba ndi nsonga zanthete maluwa asanachuluke, n'kuzikwirira m'mabedi a repu ndi matimati. Ena amanyika masambawo m'madzi masiku angapo, n'kuwaza madzi owawawo pa ndiwo kuti athamangitse nsabwe za m'masamba. Ofufuza za ulimi anapeza kuti masamba ouma a deliya ali ndi nayitrojeni pafupifupi magawo 3.5 pa 100, potaziyamu pafupifupi magawo 4, ndiponso fosiforasi pang'ono, ndipo amawola msanga kotero kuti mbewu imapindula nyengo yomweyo.

Komabe tisakunamizeni. Deliya satenga chonde mu mpweya monga zichitira nandolo, soya kapena mtedza. Iye amangosonkhanitsa chimene chili kale m'nthaka imene wamerapo, ndipo wodulayo amachisamutsira ku munda wake. Masamba aawisi ndi madzi okhaokha, choncho pafunika mitolo yochuluka kuti pakwane malo ochepa. Pa dimba n'zotheka. Pa munda waukulu wa chimanga khosi la mayi wosenzayo lingathyoke ntchito isanathe, ndipo tinaona kuti pa ntchitoyi panalibe mwamuna ndi mmodzi yemwe.

Madzulo, titakhala pa khonde, mkulu wa mpingo wina wokalamba anawonjeza zimene sitinayembekezere. M'nthawi ya nkhondo imene inatha mu 1992, iye ndi banja lake anathawira ku Zambia, monga anachitira anthu ochuluka a m'derali. Pobwerera anapeza nyumba zitagwa ndipo njira zitamera tchire. Chimene chinawasonyeza pamene panali tchalitchi chakale ndi mzere wa deliya umene akazi awo anabzala nkhondo isanafike. Akaziwo anamwalirira kuchilendo. "Ana inu," anatero kwa achinyamata aja, "tchetchani kwina konseko, koma mzere wa kum'mawawu muusiye kufikira ine nditapita."

Panalibe woyankha. M'mawa mwake akulu a mpingo anagamula kuti mzerewo ukhale, mbali ya kumanda ilambulidwe, ndipo wofiirira uja azizulidwa asanakhwimitse njere, kupatula ochepa okongoletsera kutsogolo kwa guwa. Anatinso masamba onse odulidwa asatenthedwe, koma anyamata omwewo aziwasenza kupita nawo ku madimba a amayi amasiye.

Pa Sabata tinapemphera maluwa ofiirirawo ali m'botolo pa tebulo la Mgonero. Pamene tinkakwera galimoto Lolemba, tinaona anyamata atatu akutsikira ku mtsinje, mitolo yobiriwira ili pamutu, mmodzi akung'ung'udzabe.