Njuga ya 21 kuseri kwa magolosale

Ndinatsika pa kamsika kena m'boma la Kasenengwa, lomwe lidapatulidwa ku Chipata mu 2018. Inali nyengo yogulitsa soya ndi mpendadzuwa, anthu ndalama zikuwayabwa m'matumba. Kumsewu kunali masikelo a ogula mbewu ndi makina a njuga a bonanza akulira pakhonde. Ndinalambalala zonsezo n'kulowa kanjira ka pakati pa magolosale, kodutsa pa mulu wa makoko a nzimbe.

Kuseriko, pansi pa mtengo wa mango, anyamata anali atazungulira thumba la feteleza loyala pansi. Makadi ake anali akuda m'mbali, ofewa ngati masamba a fodya. Aliyense anaika ndalama yake patsogolo, wina K5, wina K20, n'kupsinja ndi kamwala.

Masewerawo ndi 21, omwe m'makasino amati blackjack. Makadi alipo 52. Khadi lililonse limawerengedwa nambala yake, a zithunzi onse ndi 10, pomwe eyisi ndi 1 kapena 11, malinga ndi pamene yakukomera. Simulimbana ndi mnzanu wapambali ayi, nonse mdani wanu ndi wogawa. Cholinga n'kumuposa osadumpha 21.

Mnyamata wa chipewa chofiira analandira 10 ndi 6. Khadi loonekera la wogawa linali 9.

"Ponya lina, aise."

Linagwa 8. "Wapsa!" anzake anakuwa, wogawa n'kukokera K20 ija pansi pa bondo lake. Kenaka naye anatembenuza lobisika: 6. Anakoka lina, 10, napsa. Otsalawo anawalipira, koma ya wachipewa uja sinabwerere.

Phindu la wogawa lagona pamenepo. Wosewera ndiye amayamba kukoka, ndiye amayambanso kupsa, ndipo ndalama yake imapita ngakhale wogawayo apse pambuyo pake. Ku kasino amayesako kuchepetsa ululu: wogawa alibe ufulu wosankha, amakoka akakhala ndi 16 kapena zochepera, n'kuima pa 17. Mukapeza eyisi ndi 10 m'makadi awiri oyamba, mwachizolowezi amalipira 3 pa 2, kutanthauza kuti K20 imabala K30. Mukafanana, ndalama yanu imabwerera.

Pansi pa mango zimenezo kulibe. Ndinaona bambo wina wachikulire atafika 19, wogawa nayenso 19, ndalama n'kupita kwa wogawa.

"Nanga bwanji, mwanawe?"

"Ndiye lamulo la pano, amdala."

Bamboyo anapukusa mutu, napisanso m'thumba. Njinga yake inali itatsamira pamtengo, matumba a soya opanda kanthu atamangidwa pakaliyala.

Nzosadabwitsa kuti mkangano waukulu womwe ndinaumva sunali wa makadi, koma wa yemwe agawe ulendo wotsatira. Inu mukadzafika pa thumba ngati limenelo, musanaike ndalama yanu pansi pa kamwala, yambani mwafunsa kuti mukafanana imadyedwa ndi ndani.