Kukaona Chipale Chofewa ku Mapiri a Maloti

Ambirife tinakula tikudziwa kuti chipale chofewa ndi cha ku Ulaya. Kuzizira kumene timakudziwa kwathu ndi kwa Juni ndi Julayi, chiperoni chikamawomba ku Thyolo ndi ku Mulanje, kapena chisanu chimene chimayera pa udzu ku Nyika mbandakucha. Komatu chipale chimagwa mu Africa momwe muno, ndipo kwa ife okhala ku Joni sichili kutali. Mapiri a Maloti, amene ali m'malire a Free State ndi Lesotho, munthu amakafikako tsiku lomwelo pa galimoto. Ife tinapitako m'mwezi wa Julayi, mabanja awiri pa galimoto ziwiri, akuluakulu anayi ndi ana asanu. Tinapatula masiku atatu, chifukwa ulendowu sufuna phuma.

Chipale sichigwa tsiku ndi tsiku. Chimabwera mphepo yozizira ikachokera ku nyanja ya kum'mwera, n'kudutsa ku Cape, n'kufika kumapiriku ili ndi chinyezi. Ikangodutsa, kumacha bwino, thambo lili mbee. Choncho tsiku loyenera kunyamuka si limene chipale chikugwa ayi, koma patapita tsiku limodzi kapena awiri, misewu itatsegulidwa. Mu Sepitembala 2024 chipale chinatseka msewu waukulu wa N3 pa Van Reenen's Pass, kufupi ndi Harrismith. Anthu ambiri anagona m'galimoto usiku wonse, ndipo mayi wina anamwalira ndi kuzizira. Msewu umenewu ndi womwe ife tinkayenera kuyambira, n'chifukwa chake tinamvera za nyengo sabata yonse tisananyamuke.

Tinatsika ndi N3 kulowera kum'mwera, m'minda ya chimanga chokolola kale, dziko lonse lili lofiirira ngati kwathu mu Ogasiti. Titafika pa Harrismith tinapatuka n'kulowa msewu wa R712, umene umadutsa m'kati mwa malo otetezedwa a Golden Gate Highlands National Park. Malowa anakhazikitsidwa mu 1963. Dzina lawo linachokera ku matanthwe ataliatali amene dzuwa likamapendeka amawala ngati golide, ndipo lodziwika kwambiri ndi la Brandwag, limene laima pambali pa msewu ngati mlonda. M'tchire louma tinaona mbidzi ndi nyumbu zakuda zamichira yoyera. Kumatanthwe omwewa akatswiri anapezako mazira a dinosaur otchedwa Massospondylus, ana ake adakali m'kati. Chipale tinachiona koyamba pamenepa, chili patali pansonga za mapiri, ngati ufa wothiridwa pa mphasa. Ana ankafuna tithamangire komweko, koma dzuwa linali litatsika kale, ndipo mu Julayi kumeneku limalowa 5 koloko itangopitirira.

Tinagona ku Clarens, katauni kakang'ono ka nyumba zomangidwa ndi miyala yachikasu ya m'mapiri momwemo. Kanakhazikitsidwa mu 1912, ndipo dzina lake linachokera ku mudzi wa Clarens ku Switzerland kumene Paul Kruger anamwalirira mu 1904. Thanthwe lina la polowera m'tauniyi amalitcha Titanic, chifukwa limaoneka ngati kutsogolo kwa sitima ija imene inamira chaka chomwecho cha 1912. Pakati pa tauni pali bwalo la udzu, lozunguliridwa ndi masitolo a zojambulajambula, a mabulangete ndi malo odyera. Dzuwa litangolowa, kuzizira kunagwa ngati munthu watsegula fuliji. Nyumba imene tinagonamo inali ndi malo osonkhapo moto okhala ndi chumuni, ndipo pamenepa tikuchenjezeni: musalowetse mbaula m'chipinda chotseka. Makala amatulutsa mpweya wa poizoni umene suoneka komanso sununkha. Umayamba ndi mutu ndi tulo, ndipo banja lonse likhoza kugona osadzukanso. Kuli bwino kuwonjezera bulangete ndi kuvala chipewa pogona.

M'mawa mwake galasi la galimoto linali litauma ndi ayezi. Sitinathirepo madzi otentha, chifukwa galasi likhoza kusweka. Tinangopala ndi khadi lapulasitiki uku injini ikutentha. Tinadikira mpaka cha m'ma 9 koloko kuti dzuwa lisungunule misewu. Kenako tinadutsa ku Fouriesburg, katauni kena ka miyala ndi minda ya zipatso, pomwe tinadzaza mafuta, n'kufika pachipata cha Caledonspoort pa mtsinje wa Caledon, umene Abasotho amautcha Mohokare. Apa aliyense amafunika pasipoti, ana afunika zikalata zawo, ndipo mapepala okhalira ku South Africa akhale osatha masiku, chifukwa pobwerera mudzadutsanso pomwepa. Ndalama ya ku Lesotho ndi loti, koma randi amalandira, ndipo mphamvu zake n'zofanana.

Tauni yoyamba ndi Butha-Buthe. Paphiri la pafupi ndi tauniyi ndi pamene mfumu Moshoeshoe woyamba ankakhala asanasamukire ku Thaba Bosiu mu 1824. Pamsika amayi ankagulitsa makoenya, amene ndi mandasi athu omwewa, ndi motoho, phala lowawasa la mapira limene linatikumbutsa thobwa. Moni wawo ndi wosavuta: kwa bambo mumati "Lumela, ntate", ndipo nkhope imamasuka pomwepo. Apa ndi pomwe mungagule chilichonse chimene mwaiwala, chifukwa kutsogoloko masitolo ndi osowa.

Lesotho ndi dziko lokhalo padziko lapansi limene lonse lili pamwamba pa mamita 1,000; malo ake otsikitsitsa ali pa mamita 1,400. Kuchokera ku Butha-Buthe msewu wa A1 umayenda m'midzi ya nyumba zozungulira zamiyala zofolera ndi udzu, kenako umayamba kukwera Moteng Pass, mokhotakhota, mpaka pa mamita 2,820. Msewuwu ndi wa tara, koma tara si chitetezo. M'makona amene dzuwa silifikamo mumakhala ayezi wopyapyala wosaoneka, msewu n'kumangoonekera ngati wanyowa. Oyendetsa athu anagwirizana zinthu zitatu: giya yotsika pokwera ndi potsika, mpata waukulu pakati pa galimoto ziwirizi, ndi kusaponda buleki mwadzidzidzi. Pamenepa m'galimoto munali zii, ngakhale ana. Tisananyamuke ku Joni, makaniko anali atationera matayala, batire ndi mankhwala oletsa madzi a mu injini kuundana. M'galimoto iliyonse munali mabulangete, madzi akumwa, fulasiki ya phala, mtedza, zipatso zouma, tochi ndi fosholo yaing'ono. Pamwamba pa phiri galimoto ndiyo nyumba yanu. Mukatsekeredwa, khalani m'katimo, muziliza injini kwa kanthawi kochepa chabe, zenera lili lotsegula pang'ono, mutaonetsetsa kuti chipale sichinatseke paipi ya utsi.

Titapitirira Moteng tinatsikira pang'ono ku Oxbow, kumene msewu umawoloka mtsinje wa Malibamatso. M'mbali mwa mtsinjewu madzi anali ataundana, ndipo m'matanthwe munkalendewera ayezi wosongoka ngati nyanga. Kuchokera apo tinakweranso mpaka pa Mahlasela Pass, mamita 3,222. Tangoganizani, Sapitwa, nsonga ya phiri la Mulanje imene anthu amaikwera ndi thukuta, ili pa mamita 3,002, koma ife tinali pamwamba kuposa pamenepo tili chikhalire pampando. Kulibe mitengo kumeneku. Kuli zitunda zokhazokha, zoyera mpaka kumene maso alekezera, ndi mphepo yoluma makutu. Pafupi pomwepo pali Afriski, malo amasewero otsetsereka pachipale, amene amagwira ntchito kuyambira Juni mpaka Ogasiti. Iwo ali ndi makina opangira chipale, choncho ngakhale chachilengedwe chisagwe, ana amakhala ndi poti agwire.

Ana athu anachigwira, kuchilawa, kuponyerana, n'kuumba kamunthu kokhala ndi maso a timiyala. Chipale chongogwa kumene n'chopepuka, chimalira pansi pa nsapato, ndipo chimanyowetsa msanga kuposa mmene chimaonekera. Ife akuluakulu tinkayang'ana ana. Munthu akakwera mamita 1,000 alionse, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Pa mamita 3,000, mpweya wa okosijeni umene munthu amakoka akapuma kamodzi umachepa ndi pafupifupi 30 peresenti poyerekeza ndi m'mbali mwa nyanja yamchere. N'chifukwa chake mwana wothamanga amapuma wefuwefu msanga, ndipo ena amamva mutu, chizungulire kapena mseru. Zikatero mankhwala ake ndi kupumula, ndipo zikapitirira, kutsika phiri. Amene ali ndi vuto la mtima, mphumu kapena sickle cell, komanso amayi oyembekezera, ayambe afunsa adokotala asanakwere.

Mphepo yakumeneku ndi youma, imamwa madzi m'thupi munthu asakumva ludzu, choncho tinkamwetsa ana pafupipafupi. Chipale chimabwezanso kuwala kwa dzuwa m'maso, ndiye magalasi a dzuwa si ofunira kutchena. Tinawaveka zovala zingapo zosanjikiza m'malo mwa jekete imodzi yokhuthala, ndipo masokosi akanyowa tinkasintha nthawi yomweyo. Mwana akamanjenjemera amakhala akulimbanabe ndi kuzizira. Choopsa ndi pamene wasiya kunjenjemera, akulankhula mosamveka, akusokonezeka kapena akungofuna kugona. Mulowetseni m'galimoto, mumuvule zonyowa, mumufunditse, ndipo mufune thandizo la chipatala mwamsanga. Zala zochita dzanzi musazitikite ndi chipale kapena kuziwotcha pa moto, zifunditseni m'khwapa.

Amene anatiphunzitsa zambiri osalankhula ndi eni dzikolo. M'mbali mwa msewu tinkakumana ndi abusa a nkhosa ndi mbuzi, ena pa akavalo, atadzikulunga m'mabulangete aubweya omangidwa ndi phini wamkulu, kumutu chipewa chongosiya maso, kumapazi majombo. Ubweya umasungabe kutentha ngakhale utanyowa pang'ono. M'nyengo ino ziweto zambiri amazitsitsira m'zigwa, ndipo poti nkhuni n'zosowa, amasonkha ndowe zouma zimene amaziunjika pafupi ndi nyumba. Chimene ife tinalipira mafuta kuti tikachione, iwo chimawaphera nkhosa ndi kuwatsekera njira ya kuchipatala. Musawajambule musanapemphe.

Pofika 2 koloko masana tinali titayamba kutsika, kuti tidutse Moteng madzi osungunuka asanaundanenso. Kutsika n'kovuta kuposa kukwera, ndipo mabuleki amatentha mukawadalira okha.

Tsiku lachitatu, tisanabwerere, tinaima pamalo otchedwa Ash River Outfall, kunja kwa Clarens panjira ya ku Bethlehem. Pamenepa madzi ambirimbiri amatuluka m'ngalande ya pansi pa phiri, ozizira ngati ayezi. Anachokera ku Lesotho. Mtsinje wa Malibamatso uja tinauwoloka ku Oxbow umathira m'damu la Katse, limene khoma lake ndi lalitali mamita 185. Malinga ndi pangano limene mayiko awiriwa anasainirana mu 1986, madziwo amayenda m'ngalande za pansi pa mapiri, amapukusa makina a magetsi ku Muela, amadutsa pansi pa mtsinje wa Caledon, n'kudzatulukira apa. Kuchokera apa amatsata mitsinje mpaka m'damu la Vaal, limene limamwetsa Johannesburg. Ana anayang'ana madziwo kwa nthawi yaitali, kenako wamng'ono anafunsa ngati kamunthu kawo kaja kadzafikenso pa mpopi wa kunyumba. Tinamuyankha kuti dzuwa likakasungunula, njira yake ndi yomweyi.